Ulusi wofiira

Bukulo linali lalikulu ngati thireyi, ndipo linkanunkha m'kabati. Amayi anapatsidwa ndi Asisitere ena okalamba a ku Jeremani, amene ankagwira nawo ntchito ku ofesi ya mpingo ku Nairobi. Tsamba lililonse linali ndi duwa limodzi lojambulidwa kalekale ndi utoto wamadzi, wopepuka mpaka pepala kumaonekera. M'munsi munali mizu yake, ina yonga anyezi, ndi dzina m'zilembo zopiringizika zimene ngakhale aphunzitsi anga anazilephera.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi. Akuluakulu anali atagwirizana kuti ndipite ku Malawi kukaphunzira sukulu yogonera komweko, chifukwa Chichewa changa chinkaseketsa alendo. Ine sindinkafuna kusiyana ndi amayi, koma mwana sankafunsidwa.

Mvula ya Novembala itayamba, matope a kwathu ku Rongai akumata nsapato, amayi anayamba kupeta maluwa a m'bukumo pansalu yanga ya pabedi. Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa, ine ndinkagwira tsamba kuti lisatsekeke, iwo nkumayang'ana chithunzi, kenako singano. Ndimamvabe kafungo ka mafuta awo a m'manja. Ndimawasowa kwambiri masana amenewo.

"Ndikamaliza lofiirali, amalume ako abwera kudzakutenga," anatero tsiku lina.

Linali duwa longa kapu, lamizere yoyera m'mbali. Ndinaba ulusi wofiira nkuukankhira m'sokosi yanga ya sukulu. Nzeru za mwana sizipita patali.

Amayi anafunafuna m'chitini cha mabatani, pansi pa mpando, ngakhale m'Baibulo. Kenako anati, "Basi, udzapezeka." Masabata atatu anadutsa. Lamlungu tinkangotsegula bukulo nkumaona maluwa, iwo akundifunsa limene ndikanadzala pakhomo pathu. Ndinkayenda monyada, poganiza kuti ndawapusitsa.

Amalume anabwerabe mu Januwale. Amayi anaipinda nsaluyo m'sutikesi, duwa lija lili ndi tsinde lokha, ndipo ndinalira mpaka ku bwalo la ndege.

Chimene sichinandifike m'mutu nthawi imeneyo nchakuti pamalo pomwe amayi ankatsikira minibasi, imene kumeneko amati matatu, panali duka la Amwenye logulitsa ulusi wamitundu yonse. Ankadutsa pakhomo pake m'mawa ndi madzulo. Ndiponso masokosi anga ankachapa ndi iwo, Loweruka lililonse.