Kope la a Zuze

Fungo la polishi wa nsapato limandibwezera ku Chilobwe, pakhonde la a Zuze, aneba athu ochokera ku Nsanje, amene m'mawa uliwonse ankapukuta nsapato zawo utsi wa mbaula yathu ukuwatsokomoletsa, kope lakuda lili pambali. Anaphunzirako zaunsembe n'kusiyira panjira, koma Chilatini chokha anachikakamira.

Khalidwe lawo ndiye linkadabwitsa. Ukangotchula mawu ochokera kuchizungu, ankakudula pakamwa, "Tabwerezani, mayi," n'kulemba m'kope muja. Nanga zaka za chipani chimodzi zija, anthu akungosowa popanda wofunsa, ndani akanakondwa kulembedwa? Amayi anandichenjeza, "Ameneuja ndi kazitape. Ndikadzakuona pakhonde paja, udzandidziwa."

Ine ndi liuma langa ndinkapitabe mozemba, ndipo anandionetsa kope lonse. Munalibe dzina la munthu ngakhale limodzi, mawu okhaokha ndi kumene anachokera. "Pensulo yakoyi, pa Chilatini ndi kamchira, poti akale ankalembera kaburashi kaubweya. Dokotala ndiye kuti mphunzitsi. Mawu ali ngati ife am'tauni, mwanawe, aliyense ali ndi kwawo."

Kenako a Mbewe, aneba athu ena, anatengedwa ndi apolisi kuntchito kwawo ku Limbe. Dzulo lake anthu anali ataona a Zuze akuwaimitsa pampopi n'kulemba. Basi, mlandu unagamulidwa pomwepo. Anthu anayamba kuwamana moni a Zuze, ndipo kutchalitchi benchi yonse inkakhala yawoyawo.

Loweruka lina anafika pakhomo pathu kope lili m'manja, amayi akuchapa, aneba akusuzumira pampanda.

"Mayi, mwana wanuyu analiwerenga lonse. Tamufunsani zimene zilimo."

Amayi ananditembenukira, thovu likudontha m'manja. "Iwe, unapitako?"

Ndinkaopa chikwapu, ndinkaopanso kuti nyumba yathu itchuka kuti ndi ya anzake a kazitape.

"Ayi, sindinalionepo."

A Zuze anandiyang'ana kanthawi. "Chabwino, mwanawe," anatero, n'kubwerera pang'onopang'ono. Mwezi usanathe anasamuka, ndipo palibe anafunsa kumene analowera.

Ndakalambira m'kalasi ndikuphunzitsa Chingerezi, ndipo ana akandifunsa amene anandiphunzitsa magwero a mawu, manyazi amandigwirabe. Kaya anali ndi kope lina limene sanandionetse, adziwa ndi Mulungu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti wabodza tsiku lija ndinali ine.