Ana obwereka

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka ziwiri anandionetsa zakuda. Phala ankalavula, dzira ankaliyang'ana ngati lamutukwana, nthochi ankangoifinya m'manja. Kusikelo ku Mfuleni, kuno kudziko la eni, anesi ankamuyeza n'kupukusa mutu. Mwezi ndi mwezi, pompaja.

Amayi anga ku Ntcheu atamuona pafoni sanachedwe kugamula.

"Mwanayu nthiti zili pamtunda. Iwe uli kalikiliki kulera ana a eni, wako akutha. Achimwene ako akamabwera pa Khirisimasi umukweze basi, ndidzalere ndekha."

Amuna anga akuti, "Amayi akunena zoona." Ndinawayang'ana diso lija loti lero mudya kwa amayiwo. Koma mantha ndinali nawo, ndisaname. Anzanga ambiri kuno ana awo ali kumudzi, amangoonana pafoni, mwana n'kumati "anti" kwa mayi womubereka. Zimenezo ine ayi.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Constantia, dera la anthu olemera, ndiye nzeru zonse ndinkatenga kumeneko. Abwana anandipatsa mpando wautali wodyerapo ana, kambale kogawa zipinda ndi supuni ya pulasitiki. Ndinagula yogati, ndinagula tchizi. Mwana ankakhala pamwamba yekhayekha ngati jaji, ine pansi ndikupembedza, "Idya mama, kamodzi kokha." Ndinaimba. Ndinavina. Tsiku lina ndinakalipa mpaka tonse awiri tinalira.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinalowa ndi mwana kwa aneba, mayi wa ku Harare amene makolo ake anachokera kwathu ku Malawi. Anali ataphika futali, mbatata yothira nsinjiro. Anaikhuthulira m'beseni, kuika pansi, ana ake atatu n'kuzungulira. Ife tinakhala pabedi, ine ndikudandaula za basi ija. Mwadzidzidzi kamtsikana kawo kanakuwa.

"Amayi, wandiluma!"

Kucheuka, wanga ali pakati pa gulu, masaya ali tutuu, dzanja ili lafumbata mbatata, linalo latchinga beseni.

"Maiwe!" anatero aneba. "Ndi ameneyu mukuti sadya? Atithera chakudya!"

Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinadzikwiyira. Ine ndemwe ndinakulira mbale imodzi ndi abale anga, wochedwa kusamba m'manja ankapeza mbale yoyera. Panalibe wopembedza mnzake. Ndinaiwala bwanji zimenezi, n'kumukweza mwana pampando ngati mlendo?

Kuyambira mawa lake ndinayamba kubwereka ana. Ndikangotsika takisi madzulo, ndinkagogoda kwa aneba. "Mundibwerekeko atatu aja." Ndinkayala chitenje pansi, beseni pakati. M'phala ndinkathira nsinjiro ndi dzira, masiku ena bonya wosinja amene amabwera pa basi, masiku ena peyala. Wanga akaona dzanja la mnzake likulowera kumbali yake, ankameza osatafuna n'komwe.

Amuna anga ankaima pakhomo, nsapato za kuntchito zili m'manja, osowa popondera. "Kodi kuti adye mmodzi tidyetse mudzi wonse?"

"Ngati zakuvutani, basi ija mukwere ndinu."

Mpando wautali uja tinaikapo wailesi.

Sikelo inayamba kusuntha pang'onopang'ono, anesi n'kusiya kupukusa mutu. Achimwene atabwera kudzatenga katundu wakumudzi, amayi anaimba foni.

"Muimike ndimuone. Mutembenuze. Kweza dilesiyo."

Anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kuno akananenepa kuposa apa," anatero. Kenako, "Bulangete langa lija waika m'chikwama?"

Amayi anga kuvomera kwawo n'komweko, musayembekezere zambiri.

Tinawaperekeza achimwene. Basi inanyamuka ndi bulangete, mafuta ophikira ndi nsapato za amayi. Ine ndinabwerera mwana ali kumsana, nsalu ikundidula mapewa. Amuna anga anati ndiwapatse andinyamulireko. Msana unkandiwawa ndithu, koma ndinakana.