Mimba Yanga Pakhomo la Jimu

Anzanga, mimba yanga aipachika pamsewu. Ili pachinsalu chachikulu pamwamba pa khomo la jimu, aliyense wotsika minibasi akuiona. Anaijambula ndi mkazi amene ndinkati adzanditseka maso ndikamadzafa.

Ine ndine kalipentala, imvi mbuu. Kusukulu sindinapondeko, apa ndikuyankhula foni ikulemba yokha, koma ana anga onse anaphunzira ndi sowo yanga. Mayi awo atamwalira ndinangokhala, mimba n'kukula mpaka nsapato zanga osaziona. Dokotala atandiopseza, mwana wanga wamkazi anandikokera ku jimu n'kundipezera wondiphunzitsa pandekha.

Onse amangomuti Kochi. Si mtsikana ayi, ndi mayi wa zidzukulu zake, koma mimba ngati thabwa lopala.

"Gonani chagada pamphasapa, bambo."

"Ine kugona pansi pamaso pa mzimayi? Ndadwala?"

"Simunadwale, koma ndi makani amenewa mudwala. Gonani."

Ndinagona. Anagwada n'kundigwira akakolo kuti ndidzuke ndi mimba yokha, zimene amati ma sit-up. Anzanga, chimwalirireni mkazi wanga panalibe amene anandikhudzapo... Kudzuka ndinalephera, koma mawa lake ndinafika jimu asanatsegule.

"Mukupuma ngati lole yokwera phiri, madala!"

"Iwe gwira miyendo, za mpweya wanga uzisiye."

Tinkaseka mpaka m'mimba kupweteka kawiri. Chitseko cha kwawo chinkakhula pansi, ndinapita kukachipala. Anandiphikira. Posakhalitsa mswachi wake unapezeka kubafa kwanga. Ana atang'ung'udza ndinawauza kuti denga la nyumbayi ndinakhoma ndine.

Chibwenzi chitangoyamba anati ndivule malaya andijambule, tizidzaona mmene mimba ikuphwera. Ine malaya sindivula ngakhale pamaso pa ana anga. Ndili ndi chipsera cha opaleshoni, chokhota ngati chikwakwa.

"Aona ndani?"

"Awirife basi, darling. Foni yanga ili ndi password."

Ndinavula. Ndinagwira m'chiuno ngati msilikali. Mimba itaphwa anandijambulanso.

Lamulungu lapitali mwana wanga uja anabwera ndi mwamuna wake. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ababa, kwerani galimoto."

Anakaimika pakhomo la jimu. Mimba ziwiri, yotupa ndi yophwa, zonse zanga. Mutu anaudula, koma dzanja lili m'chiuno, ndi chala changa chimene sowo inadya. Ndani m'dera lino sachidziwa chala chimenechi? Ndinakhoma madenga awo, ena ndinakhomera mabokosi a makolo awo.

"Palembedwa chiyani pamenepo?"

Mwana wanga anayang'ana kumbali. Mkamwini wanga, munthu amene sanaonepo ngakhale phewa langa, anawerenga maso ali pansi.

"Akuti, ngati gogo uyu wakwanitsa, iwe ukudikira chiyani?"

Lolemba ndinamupeza Kochi akugwira akakolo a bambo wina.

"Sorry, darling... Abwana anati ndikapanda kubweretsa anthu atsopano ntchito yandithera. Nkhope sikuoneka."

"Unandifunsa?"

"Koma mukuoneka bwino! Ena bwenzi akunyadira."

"Ndati unandifunsa?"

"Mukanakana."

"Ndiye unadziwa."

Bambo uja anali chigonere pamphasa, kutiyang'ana.

Katundu wake ndinamutumizira pa njinga. Akuimba foni, sindikuyankha. Anyamata apasiteji akundikuwiza kuti Gogo Six Pack! Dzulo pamaliro, amuna amsinkhu wanga amene ankandipatsa mpando ankangoyang'ana malaya anga n'kumakodolana. Sindinadye, ndinabwerera.

M'mawa ndimagonabe pansi kuchipinda, mapazi ndimapanikiza kunsi kwa kabati. Kabati sandinyoza mapumidwe. Ndimadzuka, kugona, kudzuka, m'nyumba muli zii.

Ntchito yake ndikuimvetsa, anzanga, njala ndimaidziwa. Akanandipempha, mwina bwenzi titakangana sabata yonse ine n'kugonja, pakuti kwa iye ndinagonja zambiri. Koma anasankha kunditenga ngati mbuzi yogulitsa yomwe safunsa.

Makwerero ndili nawo, hamala ndili nayo, misomali ya chinsalucho ndikhoza kuizula tiyi asanazizire. Koma sindikwera ine.

Kochi, ndikudziwa umawerenga patsamba langa pano. Ukwere wekha, masana dzuwa lili pamutu, apasiteji akuona. Uchitsitse chinsalucho, uchipinde, ubwere nacho pakhomo panga Loweruka lisanafike. Ugogode, uchisiye pakhonde. M'nyumba usalowe.