Jekete la Kapitao

M'zaka za Chitaganya, pa famu ya fodya kufupi ndi tauni ya Karoi, kapitao wathu anamwalira. Mzungu mwini famuyo sanafune kusankha wina msanga. Anati ayesa amuna onse: aliyense azivala jekete la malemuyo kwa sabata imodzi, wenzulo m'khosi. Iye ankangokhala pa belo la fodya n'kumaonerera.

Inafika sabata ya amuna anga, munthu woti ngakhale nkhuku ankandisiyira ine kupha. Lolemba lomwelo, m'shedi yosankhira fodya, anapeza tsamba lakuda m'mtolo wanga. Anandilizira wenzulo m'khutu. "Iwe! Ndiwe wakhungu?" Chikwatirane anali asananditchulepo kuti iwe. Pochoka ndinawaona akukoka mwendo wamanzere, monga ankayendera malemu aja.

Madzulo atavula jekete, anandifunsa modabwa chimene chandikwiyitsa.

Anthu pakomboni ankati m'jeketemo muli mzimu, ena mpaka kufuna kuliwotcha. Ine ndimakana mpaka lero. Ndinalichapapo ndi manja angawa, inali kaki wamba yonunkha thukuta. Chimene chimandiopsa n'chakuti aatali, aafupi, onenepa, owonda, onse linkawakwana.