Sinowo wa pa Phiri la Kenya

Chaka chachitatu tili ku Nairobi, amuna anga anaumirira kuti tikaone sinowo pa Phiri la Kenya. Anzawo akuntchito ankapita ndi mabanja awo ku Ulaya kukatsetsereka pa sinowo ndi timatabwa kumapazi, ndiye iwo sanafune kuti ana athu atsalire.

Wovutika ndinali ine. Masiku awiri ndinali pa kaunjika ku Kibera, kufufuza majekete okhuthala. Tinanyamuka kunyumba ku Lang'ata m'mamawa, ana awiriwo akukangana njira yonse. Titasiya galimoto n'kuyamba kukwera, mutu unandiwawa, mpweya unkaperewera, ndipo wamng'onoyo anakana kuyenda. Ndinamubereka ndi chitenje pamwamba pa jekete, chimwana cha zaka zisanu.

Nsonga ya phiri sitinaione n'komwe, inali m'mitambo. Wotilondolera njira anatitengera pambali akuluakulufe n'kutiuza kuti sinowo ali kutali, ulendo wa masiku ena awiri. Ndinangokhala pamwala.

Kenako kunagwa matalala. Ana anakuwa, "Amayi, sinowo!" n'kumatolera m'zipewa. Bambo awo anatulutsa foni kuti ajambule zotumiza kumudzi.

Matalala ndimawadziwa ine. Ndi omwewa anang'amba fodya wa bambo anga ku Kasungu ndili mwana, iwo atangoima pakhomo, manja ali kunkhongo.

Mwana wamkuluyo anandithamangira, manja atafiira ndi kuzizira. "Sinowo uja ndi yemweyu eti, amayi?"

Ndinayang'ana kumunsi, mtunda wonse woti nditsike ndi mwana kumsana.

"Ndi yemweyo, mwanangu," ndinatero. "Wamuona. Tiye tizipita."