Mtedza Wambewu ndi Loko wa Pakabati

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo atapita ku migodi ya ku Joni n'kusiya kulemba makalata. Kwathu ku Mchinji mtedza wambewu tinkausunga mumtsuko womata pakamwa ndi dothi. Tsiku lomata, mayi anatiitana ana tonse. "Umu ndathiramo mankhwala a makoswe," anatero. "Wodya ngakhale umodzi, dzuwa sililowa ali moyo."

Njala kunalibe chaka chimenecho. Ndinkadya n'kukhuta ngati anzanga. Koma mayi akangonyamula khasu, mtima wanga unkapita kumtsuko uja, ndipo fungo lake ndinkalimva ngakhale ndili kuchitsime. Tsiku lina masana ndinaboola dothi ndi kamtengo, ndikudziuza kuti ndingonunkhiza. Pomwe ndinkazindikira n'kuti ndameza kale wambiri, kukoma osakumva n'komwe, nsagwada zikuwawa, dzanja likungobwerera lokha.

Ndinakagona pansi pa nkhokwe kudikira imfa. Mimba inali gwa, kukhosi kouma. Nkhuku ikandiyandikira ndinkati yamva fungo la maliro. Sindinaitane munthu, chifukwa mayi ndinkawaopa kuposa manda. Dzuwa linalowa ndili moyo, ndipo ndinadziwa kuti akuluakulu amanama. Mpaka lero munthu akamandilankhula mokoma ndimayamba ndamuyang'ana m'manja.

Chimene chimandiopsabe n'chakuti mawa lake ndinabwererako. Ndinkalumbira m'mawa, masana ndili pamtsuko, kulira uku ndikutafuna, kenako n'kumata bowolo ndi dothi lonyowetsa ndi malovu.

Mvula yoyamba itagwa, mayi anaswa dothi lija n'kupeza mbewu yongokwana mizere iwiri. Sanandimenye. Anakapempha mtedza kwa anansi, n'kuuthira m'lichero pabwalo, n'kuitana ana a mudzi wonse. "Idya, wadyera iwe, anzako akuone." Ndinadya mpaka kusanza, anzanga akuwomba m'manja. Chilangocho sichinandichiritse. Chinangondiphunzitsa kukadyera kuthengo.

Anandipulumutsa ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo. "Alamu," anawauza mayi, "mwanayu si za m'mimba izi. Mwaona kuti wayamba liti? Si pomwe bambo ake anasiya kulemba makalata?" Kwa ine anati, "Chikakugwira uzithamangira kwa ine. Sindikufunsa mlandu." Ndikafika ankakazinga mtedza pang'ono, tinkadya tonse pakhonde poyera, iwo akundiuza mmene bambo ankaopera achule ali mwana. Sizinathe tsiku limodzi. Zinatenga zaka, ndipo sindinganene kuti zinatheratu.

Ndikulemba izi ndili kutsidya kwa nyanja, mu mzinda wa Wakefield, kumene mwana wanga Esinati anandiitanira kuti ndizimulerera ana iye akamakagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ine ndine munthu wofufuza, sindibisa. Bini ya zinyalala ndimayamba ndasuzumiramo ndisanatulutse, ndipo wogogoda pakhomo ndimamuonera pakatani. Mwezi watha ndikusesa ndinapeza m'jombo za mdzukulu wanga Tadala, wa zaka khumi ndi zitatu, mapepala a chokoleti ndi a mabisiketi, opindidwa bwinobwino, odzaza mpaka kukamwa kwa jombo. Ndinabwezeramo n'kuyamba kumuzonda. Lachitatu lake ndinamuona atangofika kuchokera kusukulu, yunifolomu osavula, ataima pakabati akumeza buledi wouma, maso ali kukhoma, misozi ikutsika.

Ndinalakwa kuuza Esinati mwachangu. Mawa lake anabwera ndi loko wa pakabati.

"Amayi, kuno si kumudzi. Mwana akayamba kunenepa kwambiri, kusukulu amayamba mafunso. Mukufuna a boma atigogodere?"

Anthu amenewo inenso ndimawaopa, ndimamva zimene anzathu amanong'ona pabasi. Koma ndinamufunsa kuti, "Ukatseka kabatiyo azikadyera kuti? Kuno shopu ili pakona iliyonse, ndipo iwe sudzamuonanso."

"Ndiye tiwauze amayi a kutchalitchi amupempherere."

"Nkhani ikalowa mmenemo Lamlungu, Lolemba yafika mpaka mu mzinda wa Salford. Ukufuna mwana azimuyang'ana pambale paukwati uliwonse?"

"Inu amayi simukhulupirira munthu."

"Ndi chifukwa chake ndakalamba."

Anaseka pang'ono, n'kuponya loko uja mudilowa. Sanakaubweze kushopu. Ndimadziwa chifukwa ndimatsegula dilowayo m'mawa uliwonse.

Tadala ndinamuitana Loweruka tikupinda zovala. Sindinatchule za jombo. Ndinangomuuza za mtsuko, za nkhokwe ndi za lichero lija, zimene ngakhale malemu mwamuna wanga sanazimve. Anamvetsera atagwira sokosi imodzi. Kenako anayankha m'Chingerezi chake chothamanga kuti chikamugwira amakhala ngati akudzionera patali, ndipo ankaganiza kuti ndi iye yekha padziko. Mawu a Chichewa anali awiri okha: "Agogo, ndikuopa."

Tapangana kuti Lachinayi tikaonane ndi dokotala. Sindimudziwa ndipo sindimukhulupirira. Ndikakhala mpando wapafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo, ndikuonetsetsa chilichonse chimene akulemba. Koma ndipita, chifukwa ine zinandidyera zaka zambiri, ndipo sindikufuna kuti mwanayu akule akubisala.

Ndazindikira mochedwa kuti maso anga, amene ndimawanyadira kuti palibe chowadutsa m'nyumba muno, akhoza kumutaya mwanayu msanga kuposa loko. Mwana wozondedwa amangosamukira kumene maso safika. Choncho jombo zake ndasiya kuzigwira, ngakhale manja amandiyabwa ndikamadutsa pakhomo la chipinda chake. Akatsika basi ya kusukulu ndimachoka pawindo n'kukakhala kukhitchini, msana kuchitseko, kudikira kuti abwere yekha. Masiku ena amabwera. Masiku ena ndimamva mapazi akukwera masitepe, ndipo ndimagwira tebulo kuti ndisamutsatire.