Khofi Panja, Mfuti M'kati

Sindikonda kutamanda munthu, pakuti ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti matamando amaononga mtima. Koma za mayi oyang'anira laibulale ya m'tauni mwathu sindingakhale chete.

Ndi mayi aafupi, aimvi, okonda kupachika magalasi pachifuwa ndi kachingwe. Mawu awo a tsiku ndi tsiku ndi akuti, "Muno sitidya, sitimwa, sitisokosa." Pakhomo panalinso chikwangwani choletsa mfuti, mpaka akuluakulu a boma la chigawo analamula kuti tauni ilibe mphamvu yoletsa chimene iwo alola. Mayiwa anachichotsa okha, mokwiya.

Loweruka lina m'mawa mayiwa akuwerengera ana nthano, mkulu wina wa m'tauni mwathu, Bambo Hollis, analowa, mfuti ili m'chiuno, kapu ya khofi ili m'manja. Makolo ena anayamba kuveka ana awo majekete kuti azipita.

"Bambo Hollis, khofiyo panja," anatero mayiwa.

"Aa, mayi, kakhofi kokhaka? Nanga iyi simukuiona?" anatero bamboyo akusisita mfuti, uku akuseka.

"Ndaiona bwinobwino. Imeneyo akuluakulu akuti ndisaikhudze. Koma khofi amadetsa mabuku, ndipo pa khofi pokha anandisiyira mphamvu. Kamwereni panja, ndipo musafulumire."

Anatulukadi, koma makolo aja anali atapita kale. Pa ana khumi ndi awiri panatsala atatu, ndipo mayiwa anawawerengera mpaka tsamba lomaliza.

Akuluakulu amene analemba lamulolo sanapondemo m'laibulale mwathu. Mabuku athu ndi otetezedwa ndithu. Ana ndiwo sanabwerenso.